Nseru Ikatipeza Pochita Yoga

Ambirife yoga tinaidziwira pa foni. Masewerawa anachokera ku India, ndipo mu 2014 bungwe la United Nations linapatula 21 Juni kukhala tsiku lake. Koma pa kanema sationetsa nseru imene imagwira wongoyamba kumene akazyolitsa mutu pansi.

Nseruyi tisachite nayo manyazi, pakuti thupi limakhala likutiuza zoona. Tikawerama titangodya nsima, mimba imapanikizika chakudya chisanagayike. Choncho tizidikira maola awiri kapena atatu. Tikaweramuka mofulumira, magazi amachedwa kufika kumutu, chizungulire n'kutipeza. Nako kutentha kwa ku Liwonde ndi ku Balaka mu Okutobala kumatha madzi m'thupi. N'chifukwa chake tiziyamba m'mamawa kusanatenthe, titamwako madzi pang'ono, ndipo tisamagwire mpweya m'chifuwa.

Nseru ikafika, tileke, tikhale pansi, tipume mofatsa mpaka mtima ukhale m'malo. Anzathu akatiseka, aseke, kuthamanga sikufika. Koma ikabwera pamodzi ndi kutentha thupi, litsipa kapena kuphwanya m'nkhongono, tisanamizire masewera ayi. Tipite kuchipatala tsiku lomwelo akatiyeze malungo.