Maliro a akhwangwala m'tsinde mwa phiri la Tumbine

Munthu wochokera ku Mulanje akawoloka chipata cha Muloza nkulowa m'dziko la Mozambique, amayenda makilomita ochepa chabe kuti afike m'tauni ya Milange. M'njiramo amapisana ndi njinga zosenza matumba a chimanga, nandolo ndi nyemba. Kutsogolo kwake kumaoneka phiri la Tumbine, kumbuyo phiri la Mulanje. Koma akakweza maso pa mitengo ndi madenga a pamsika, amapeza eni mudzi ena amene sadinditsa chiphaso pachipata: akhwangwala a chifuwa choyera.

Mbalamezi aliyense kuno amazidziwa. Zimatola chimanga chotayika pomwe ogula akupima matumba, zimafukula mbewu m'munda mvula yoyamba ikangogwa, ndipo mayi woweta nkhuku akatembenuka pang'ono, mwanapiye wapita. Nchifukwa chake anyamata salekana ndi legeni.

Chodabwitsa chimachitika tsiku limene khwangwala mmodzi wafa. Woyamba kuona mtembowo amalira mokalipa, ndipo posakhalitsa anzake amatulukira mbali zonse nkudzaza mtengo wapafupi. Phokoso limakhala la dzaoneni. Ena amauluka mozungulira, ena amangopenya pansi, kenaka onse amabalalika. Anthu akaona zimenezi amati akhwangwala ali pa maliro.

Kodi nzoona kuti amalira mnzawo ngati mmene ife timakhuzira maliro? Akatswiri a mbalame ku yunivesite ya Washington, mumzinda wa Seattle ku America, anafufuza nkhaniyi pa akhwangwala akuda a kumeneko, omwe ndi abale a akhwangwala athu. Mayi Kaeli Swift ndi bambo John Marzluff ankaika chakudya pamalo amodzi mpaka mbalamezo zitazolowera. Kenaka pankabwera munthu atavala chigoba kumaso, atanyamula khwangwala wakufa m'manja. Mbalame zinkasonkhana nkumamukalipira, ndipo masiku otsatira zinkazengereza kutsikira pa chakudya chija. Munthu wa chigoba chomwecho akabwera chimanjamanja, zinkamukalipirabe, zina mpaka masabata 6 atadutsa. Koma akanyamula nkhunda yakufa, sizinkatekeseka kwenikweni. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'chaka cha 2015.

Apa tikuona kuti msonkhano wa pamtembo uja ndi sukulu. Akhwangwala amabwera kudzaona malo amene mnzawo wafera ndi nkhope ya amene ali pafupi, kuti mawa asadzagwe m'mbuna yomweyo.

Ndipo saiwala msanga. M'chaka cha 2006, bambo Marzluff ndi anzawo anavala chigoba china nkugwira akhwangwala 7 pa yunivesite yomweyo, kuwaveka mphete m'miyendo, nkuwamasula. Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa atavala chigobacho ankakalipiridwa, pomwe wovala chigoba china ankadutsa mwamtendere. Zaka zikupita, chiwerengero cha mbalame zokalipa chinakula m'malo mochepa. Ngakhale ana amene anali asanaswedwe pa nthawi ya msampha uja ankachidziwa chigobacho, chifukwa anaona makolo awo akuchikalipira.

Alimi ena amapachika khwangwala wakufa pa mtengo pakati pa munda kuti anzake aope. Nzeru imeneyi ikugwirizana ndi zomwe akatswiri aja anapeza. Koma mlimi adziwenso kuti mbalame zikamuona atanyamula mtembowo, nkhope yake zaisunga. Zidzamuthawa iye ali patali, nkumatera m'munda momwemo iye akapita kumsika. Kuthira mankhwala a poizoni pa chimanga ndiye koipa zedi, chifukwa nkhuku, agalu ngakhale ana angathe kutola nawo. Komanso khwangwala ali ndi ntchito yake: amadya dzombe, mbozi, makoswe ndi zonyansa zotayidwa pamsika.

Makolo anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Mwambi umenewu umamveka bwino ku Milange kuposa kwina, pakuti dera lino laona zoopsa zambiri. Pa nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, tauniyi inagwa m'manja mwa Renamo m'chaka cha 1986, anthu miyandamiyanda nkuthawira ku Malawi, minda ya tiyi nkusanduka tchire. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, obwerera kwawo anapulumuka pochenjezana njira zimene munali mabomba okwirira pansi. Ntchito yowachotsa inatenga zaka, ndipo dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa onse odziwika m'chaka cha 2015.

Choopsa chimene chatsala ndi cha phiri. Mu Januwale 1998, mvula itagwa yosalekeza, napolo anatsika m'phiri la Tumbine ndi miyala ndi matope, nkupha anthu ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakazanso mbali zonse ziwiri za malire, kuno ku Zambezia ndi ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Pakati pa ngozi ziwirizi panadutsa zaka 25. Mwana wobadwa napolo wa 1998 atapita lero ndi bambo kapena mayi wofuna malo omangapo nyumba ndi olimapo. Iye sanaone pamene madzi anadzera. Akaona malo a chonde m'khwawa kapena m'mbali mwa phiri, palibe chomuuza kuti pamenepo panafera anthu, pokhapokha wamkulu atamutenga nkukamulozera.

Apa ndi pamene khwangwala watiposa. Iye sabisa imfa ya mnzake, amaitana mtundu wonse kuti udzaone, ana omwe. Ife maliro akatha timakonda kunena kuti zapita zapita, osafuna kukumbutsana zowawa. Koma agogo, mafumu ndi aphunzitsi amene akudziwa makwawa omwe napolo anadzera ali ndi ngongole kwa achinyamata. Awatenge nyengo ya chilimwe, mvula isanayambe, akawaonetse miyala ikuluikulu imene inagubuduzika kuchokera pamwamba, awauze chifukwa chake mitengo ya m'phiri siyenera kuthera ku makala, ndiponso malo okwera othawirako mvula ikagwa masiku angapo osakata.