Madzulo ena ku Guilleme

Ndidafika ku Guilleme mwezi wa June, anthu ali kalikiliki kuthothola mtedza. Ndidadutsa patchalitchi cha mishoni imene ansembe a White Fathers adatsegula mu 1935 n'kuitcha dzina la Bishopu Mathurin Guillemé, ndidapitirira chipatala cha St Michael's, n'kulowa kanjira ka kumudzi kwa azakhali anga. Ndisanafike ndidaona anthu ataunjikana kuseri kwa nkhokwe ya pabanja lina, ndipo ndidaima.

Pansi padagona galu wofiirira, wa imvi kukamwa. Adagundidwa m'mawa ndi galimoto ya ogula soya, ndipo miyendo yakumbuyo sinkagwedezeka. Mwini wake, agogo aakazi okhala okha, adali atamufunditsa thumba. Mnyamata wina adati, "Galu ndi galu, ingomumalizani ndi chibonga." Agogowo sadamuyankhe.

Mlangizi wa ziweto adafika panjinga yamoto dzuwa litapendeka, akuchokera kokaona nkhumba, poti kuno ku Mchinji chigodola sichisowa. Ndinkayembekeza kuti angosuzumira n'kupita. Koma adazimitsa njinga, adavula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi agogo ngati mmene timachitira pofika pasiwa.

"Pepani agogo. Dzina lake ndani?"

"Ndi Dekhani, mwanawe. Adamusiya ndi malemu amuna anga."

Funso limenelo lidandikhudza kuposa zonse. Munthu wofunsa dzina la galu wavomereza kale kuti pali chinachake chimene chikutayika. Kenaka adafunsa mafunso a ulangizi wake: kodi waluma munthu, ankatuluka dovu, katemera wa chiwewe adalandira liti? Agogo adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala kopindapinda ka katemera. Atavala magolovesi, mlangiziyo adasisita msana wa galuyo pang'onopang'ono mpaka adafika pamalo pamene fupa lidathyoka. Sadawanamize.

"Agogo, msana wathyoka. Sachira. Chimene ndingathe n'kumuchepetsera ululu."

Adamubaya jakisoni, napempha madzi m'chigoba kuti anyowetse lilime lake. Mnyamata wa chibonga uja, tsopano ali chete, ndiye adathamangira madziwo.

Ena anganene kuti izi n'zachizungu, zoyenera ku Lilongwe kumene kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA. Ine ndikukana. Galu wa kumudzi amalondera khola la mbuzi, amathamangitsa anyani kumunda, amaperekeza nkhalamba kudimba. Kwa mayi wamasiye, kuuwa kwake usiku ndiye loko wa pachitseko. Komanso chifundo cha mlangizi chimateteza anthu. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo chimafika kwa ana kudzera mwa agalu omwewa. Mudzi umene waona mlangizi akulemekeza chisoni cha agogo udzabwera ndi agalu ake tsiku la katemera, ndipo galu akayamba kuchita zachilendo udzamuitana msanga m'malo momupha mobisa n'kumutaya kudambo. Wonyozedwa kamodzi sabweranso.

Madokotala a ziweto m'dziko muno ndi ochepa. Oyamba kuphunzira konkuno, ku Bunda, adamaliza maphunziro mu 2019. M'midzi ngati iyi ntchito yonse ili m'manja mwa alangizi oyenda mitunda italiitali, nthawi zambiri chikwama chili chopepuka. Mankhwala ogonetsera chiweto kuti chife mopanda ululu, bamboyu adalibe, ndipo adanena poyera. Ndikupempha a nthambi yoona za ziweto kuti aganizire zimenezi, chifukwa mtima wokha sukwanira pamene dzanja lilibe chogwirira ntchito.

Mlangiziyo sadachoke. Adakhala pachitsa, akucheza ndi agogo za mmene Dekhani adapirikitsira fisi chaka china. Galuyo adatsirizika belu la madzulo likulira kumishoni. Bamboyo adalangiza kuti dzenje likhale lakuya kuti zilombo zisafukule, ndipo adayamba yekha kugwira khasu. Adamukwirira pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa khola la mbuzi limene ankalondera.