Ngalande Ziŵiri za M'khosi

Ife a kuno kwa Mkhumba timalidziŵa khalidwe la madzi. Ngalande ya kudimba siuma tsiku limodzi ayi. Matope amaunjikana pang'onopang'ono, madzi nachepa, ndipo mbewu za kumalire ndizo zimayamba kufota mwini dimba asanazindikire kanthu. Komatu mkulu wina akagwa mwadzidzidzi pamudzi, pakamwa napotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi nizifa, nzeru zonsezi zimatithaŵa. Kumamveka manong'onong'o akuti wamenyedwa ndi hamala ya afiti, ndipo maso amayamba kusakasaka mwini hamalayo pakati pa abale.

Tsono tiyeni tigwire pambali pa kholingo pathu. Tikumva mtsempha ukugunda. Ilipo iŵiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo madokotala amaitcha carotid. Imeneyi ndiyo ngalande zazikulu zopititsa magazi ku ubongo. Ubongo ngwochepa pouyerekeza ndi thupi lonse, koma pa mpweya umene thupi limagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa magawo 5 limathera kumeneko. Kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya ndi ukalamba zimachititsa kuti mafuta olimba aunjikane m'kati mwa mitsemphayi, njira nichepa. Tsiku lina kachibenthu kamachoka pamenepo nikakatseka kamtsempha ka mu ubongo, kapena njira yonse imatsekekeratu.

Kale zimenezi zinkaoneka munthu atamwalira. M'chaka cha 1927 dokotala wa ku Portugal, Egas Moniz, anathira mankhwala mu mtsempha wa m'khosi najambula mitsempha ya m'mutu mwa munthu wamoyo. Mu 1951 dokotala wa ku Canada, Miller Fisher, anasonyeza kuti nthaŵi zambiri kufa kwa ziŵalo kumayambira m'khosi, ndi kuti kumatumiza amithenga kusanafike. Lero makina a CT ndi MRI amaonetsa mbali ya ubongo imene ikulandira magazi opereŵera. Amasiyanitsanso pamene pafa ndi pamene pangofota chabe, pamene pangatsitsimuke magazi atabwerera msanga. M'Malaŵi muno MRI yoyamba inaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, makamaka pofufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Pa zithunzi zotere sipaoneka chipsera cha hamala. Pamaoneka munda umene wakhala ukusoŵa madzi.

N'zoona kuti Blantyre n'kutali, koma amithenga aja safuna makina kuti tiwazindikire. Diso limodzi limachita mdima ngati wina watsitsa nsalu, kenaka kuyeranso. Khasu limapulumuka m'dzanja. Lilime limalemera, mawu osamveka. Pakapita mphindi zoŵerengeka zonse zatha, agogo naseka, nati, "Iyayi ana inu, ndangotopa ndi dzuŵa." Pamenepa ulemu weniweni si kuvomereza ayi, pakuti masiku oyamba otsatira chenjezo lotere ndiwo oopsa koposa. Ulemu ndiwo kuyankha kuti, "Pepani agogo, tiyeni lero lomwe," nkufuna njinga yoŵatengera ku Holy Family kapena ku chipatala cha boma. Kumeneko amayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amapereka mankhwala, ndipo wofunika kujambulidwa amamtumiza kumene kuli makina. Paja madzi akatayika saoleka, ndipo mbali ya ubongo ikafa sibwerera.

Ntchito yotsala njapakhomo: kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ngakhale thupi likumveka bwino, kuchepetsa mchere m'ndiwo, kuleka fodya wosuta ndi wofwenkha yemwe. Ndipo pamene wina wagwa kale, tikumbukire kuti amene amalozedwa chala kaŵirikaŵiri ndi mayi wokalamba wosoŵa womtchinjiriza. Banja likagaŵikana chifukwa cha hamala, wodwala amatsala yekha pamphasa. Iye akufuna manja omtembenuza kuti asachite zilonda, omwongola mkono m'maŵa uliwonse, ndi mtima wodekha womphunzitsa kuyenda ndi kulankhula kachiŵiri. Manja amenewo ndi athuŵa.