Agogo akayamba kunjenjemera musawakhazike pamphasa

Abale anga kumudzi, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds ku UK, ndipo ena mwa iwo ali ndi matenda a Parkinson. Matendawa amadza maselo a mu ubongo opanga dopamine akamafa. Dzanja limanjenjemera mwiniwake ali phee, thupi limauma, munthu amayenda mokhwekhwereza mapazi, ndipo pena akafika pakhomo mapazi amakakamira pansi ngati aponda ulimbo.

Kuno mapiritsi a levodopa timapereka pa nthawi yake ndendende, koma sitithera pomwepo. Malangizo a 2017 a bungwe la zaumoyo la NICE amati wovutika kuyenda kapena kuima bwino aonedwe ndi physiotherapist wodziwa matendawa, ndipo bungwe la Parkinson's UK limalimbikitsa maola 2 ndi theka olimbitsa thupi pa sabata. Gogo wa zaka 80 amamuphunzitsa kudzuka pampando mobwerezabwereza, kutambasula manja mpaka m'mwamba, kuponda motalikitsa mwadala. Pansi amamata mizere ya tepi kuti azilumpha, kapena amamuyatsira nyimbo kuti phazi litsate kugunda kwake. Matendawo satha ayi. Koma munthu amapita yekha kuchimbudzi, amadzimangira mabatani, ndipo nkhope yake imaoneka kuti moyo akuufunabe.

Kwathu chimandiwawa n'chakuti timawafoola ndi ulemu. "Agogo, pumulani, tikuchitirani." Khasu tawalanda, tsache tawalanda, kutchalitchi tawaletsa poopa kuti agwa. Miyezi ikamapita miyendo imalobodoka, m'mimba mumadzimbidwa, mtima umasweka, ndiye kugwa komwe timaopa kuja kumabwera ndithu. Enanso amayamba kunong'ona kuti alodzedwa, ndalama n'kuthera kwa asing'anga.

Ndikudziwa kuti kwathu a physiotherapy ndi ochepa, ambiri ali m'zipatala zazikulu ndi malo ngati Kachere ku Blantyre, kutali ndi munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje. Levodopa nayenso si wopezeka paliponse. Pitani nawobe agogo kuchipatala akawayeze, chifukwa si kunjenjemera konse komwe ndi Parkinson.

Chimene kuno amalipirira ndalama ife kwathu tili nacho kale. Kuno kuli makalasi ovina a odwala Parkinson, pomwe kwathu ng'oma ya chimtali ndi nyimbo za amayi a Mvano zili pakhomo pomwepo. Ndiponso okalamba ambiri kuno amakhala okha, wowasamalira amalowa kwa theka la ola n'kuthamangira kwina. Kwathu mdzukulu sasowa. Mdzukuluyo ayende ndi agogo tsiku lililonse pa nthawi imene mankhwala agwira, pabwalo losesedwa bwino, ali pambali pawo, osawakoka dzanja. Mapazi akakakamira, agogo aime kaye, mdzukuluyo awauze kuti atsamire mwendo uwu kenako winawo, iye akuwomba m'manja pang'onopang'ono mpaka phazi linyamuke.