Kalata kwa Mphwanga: Bawuti ya Injini Imangidwe Mpaka Pati?

Wokondedwa mphwanga,

Ndamva kuti kugalaja komwe ukuphunzira umakanika ku Kapata kwabwera njinga yamoto yakale, ndipo mwagawikana pa kamangidwe ka mabawuti a mutu wa injini. Ena akuti dzanja limadziwa lokha, ena akuti mutsate nambala ya m'buku. Ine ndili kumbali ya nambala, koma nambalayo ili ndi mbiri yake, ndipo wosadziwa mbiriyo amathyola bawuti buku lili m'manja.

Yamba wamvetsa ntchito ya bawuti. Ukamamanga nati, bawuti imatamuka pang'ono kwambiri, moti maso sangaone, ndipo pofuna kubwerera mwakale imakoka zitsulo ziwirizo n'kuzifinya pamodzi, monga mmene mpira wa chubu umagwirira thumba la chimanga pa keriyala ya njinga. Kufinya kumeneko ndiko kumapanikiza gasiketi kuti moto ndi oilo zisathawe. Kutamukako n'kovuta kukuyeza, choncho timayeza mphamvu yopotolera sipanala, imene amaitcha torque. Koma mwa magawo 10 a mphamvuyo, pafupifupi 9 amathera pa kukhuzana kwa mazinga ndi kunsi kwa nati, ndipo gawo limodzi lokha ndilo limatamula bawuti. Ndiye kuti nambala ya m'buku imanena zoona pokhapokha mazinga ali mmene wolemba bukulo ankawaganizira: oyenererana, oyera, ouma kapena opakidwa oilo monga iye analembera.

Kalekale fakitale iliyonse inkadula mazinga ake, ndipo nati ya kwina sinkalowa pa bawuti ya kwina. Mu 1841 Joseph Whitworth wa ku Manchester anakonza muyezo umodzi, wa mazinga opendekeka madigiri 55, umene unafala mu Britain monse. Njinga za BSA, Triumph ndi Norton zimene zinkalowa m'dziko muno Chipata ikutchedwa Fort Jameson zinkamangidwa ndi mazinga a mtundu umenewo ocheperako, otchedwa BSF, pamodzi ndi ena a opanga njinga zakapalasa, okhala 26 pa inchi imodzi. Mazinga 26 amenewa sanafe ayi, ungawapeze pa ma ekiselo a njinga zambiri zakapalasa zimene zadzaza msewu wa ku Lundazi. Mabuku ambiri a nthawi imeneyo sankapereka nambala pa bawuti iliyonse, ankangoti manga zolimba. Sikuti analibe muyezo. Muyezowo unali m'sipanala momwe: ya nati yaing'ono inkapangidwa yaifupi, ya nati yaikulu yaitali, kuti dzanja la munthu wamba lisapyole malire. Komanso mitu ya injini zambiri inali ya chitsulo cholemera chimene chimapirira kulakwitsa pang'ono.

Sipanala yoyeza, imene m'galaja mumati torque wrench, sinayambire pa njinga. Imatchulidwa kuti inayamba ndi Conrad Bahr mu 1918, pa ntchito ya mapaipi a madzi ku New York, pofuna kuti antchito asamamange mabawuti mopyola, ndipo Paul Sturtevant anayamba kuigulitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Chimene chinaikokera ku njinga zamoto ndi aluminiyamu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mitu ya aluminiyamu inayamba kufala, ndipo Triumph Bonneville ya mu 1959 inatuluka nawo mutu wotere. Aluminiyamu ikatentha imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bawuti, choncho bawuti yomangidwa mopyola injini ili yozizira imakokedwanso kwambiri injini ikatentha. Mazinga odulidwa mu aluminiyamu ndi ofewa, sachedwa kusololoka. Apa mpata wa pakati pa kuchepetsa ndi kupyoza unapanikizika, ndipo opanga njinga anayamba kulemba manambala.

Manambalawo sanalembedwe m'chilankhulo chimodzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu. A ku Britain ankalemba mu lb-ft, mabuku akale a Honda ndi Yamaha mu kg-m, ambiri a masiku ano mu Nm. Kg-m imodzi ndi pafupifupi 9.8 Nm, lb-ft imodzi ndi pafupifupi 1.36 Nm. Buku likanena 18 Nm iwe n'kuika 18 pa mzere wa lb-ft, wamanga 24 Nm, kupyola ndi gawo limodzi mwa atatu. Mazinga nawonso anasinthasintha. Mu 1967 Japan inasiya mazinga ake akale n'kutsata a ISO, moti pa sikuluwu ya 5 mm mpata wa pakati pa mazinga unachoka pa 0.9 kufika pa 0.8 mm. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Triumph inayamba kusamukira ku mazinga a Unified ofanana ndi a ku America. Nati yolakwika imalowa bwinobwino mizere iwiri kapena itatu, kenako n'kuuma, ndipo sipanala yoyeza imafika pa nambala gasiketi isanafinyidwe n'komwe. Ngakhale mutu wa nati umasocheretsa: sipanala yolembedwa 1/4 W ili ndi kamwa la 13.3 mm, ndiye ya 13 sikwana, ya 14 imaterereka n'kudya makona.

Udzamva akuti amisiri akale a ku Chipata, Katete ndi Chadiza anasamalira njinga za alangizi a zaulimi zaka zambiri opanda sipanala yoyeza, ndipo zinkayenda. Ndi zoona, ndipo uziwapatsa ulemu, pakuti dzanja limene lamanga mabawuti masauzande limamva pamene chitsulo chayamba kugonja. Koma luso limenelo analigula ndi mabawuti othyoka, pa nthawi imene zipangizo zosinthira zinkapezeka. Lero mutu wa injini ya BSA ukawonongeka suupeza m'sitolo ya ku Chipata. Ndiponso dzanja limatha kumanga nati imodzi bwino, koma kuti zinayi zifanane n'kovuta, pamene mutu umapindika chifukwa cha kusiyana kumeneko. Ngakhale Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 itakonzedwera dala mayiko a misewu yovuta ndi chisamaliro chochepa, buku lake lili ndi manambala.

Ena adzati pa misewu yathu ya mabampu kumangitsitsa ndiko chitetezo. Chimene akuopa n'chenicheni, chifukwa nati yosamangidwa mokwanira imamasukadi ndi kugwedezeka. Koma bawuti ikatamuka kupyola malire ake siibwereranso, ili ngati mpira wotha mphamvu, ndipo imagwira mochepa kuposa poyamba. Kuveka paipi kumchira kwa sipanala n'kuwononga muyezo uja umene akale anaubisa m'kutalika kwake. Mankhwala a kugwedezeka alipo ena: mawashala a sipuling'i, mawashala opinda, mapini, waya, ndi guluu wa mazinga wa Loctite amene anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1950. Za mtengo wa chida choyezeracho sindikana kuti ndi wokwera kwa wophunzira, koma chimodzi chimakwanira galaja yonse, ndipo mtengo wake sufika pa wa mutu umodzi wa injini wosololoka mazinga.

Choncho njingayo musanaigwire, pezani chaka chake ndi buku lake, ndipo muone mtundu wa mazinga poyesa nati ndi zala mpaka pansi. Tsukani mazingawo, ndipo musapake oilo pokhapokha buku litatero, popeza oilo amachepetsa kukhuzana n'kuchititsa kuti nambala yomweyo itamule bawuti kwambiri. Mangani mopingasa, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Injini ikayenda koyamba n'kuzizira, bwererani pa mutuwo muyezenso, chifukwa gasiketi yatsopano imaphwa.

Nkhaniyi ukaifotokoze kwa abwana ako mwaulemu, pambali, osati pamaso pa mwini njinga. Undipatsire moni amayi ndi onse kunyumba.

Ndine mkulu wako.