Phunziro la m'sitima ya pansi pa madzi

Makolo anzanga ndi inu a mabanja atsopano, mukadzapezeka ku England mudzafike ku Gosport, tsidya lina la doko la Portsmouth. Kumeneko kuli HMS Alliance, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, yomwe inagwira ntchito kuyambira 1947 mpaka 1973. Chiyambire 1981 anthu amalowamo kukaiona.

Ndinapitako ndi anzanga, ndipo otionetsa anali madoda omwe kale anali asilikali a m'sitima zotere. Koma ndiye mothinana! Amuna oposa 60 ankakhala mmenemo kwa masabata, mabedi osanjikizana, madzi osamba osowa, fungo la dizilo ponseponse.

Nanga ankapirira bwanji? Aliyense ankaphunzira ntchito yake komanso ya mnzake, poti mmodzi akalakwitsa onse akanatha kumira.

Inu amene mukudandaula ndi kachipinda kamodzi ka lendi, vuto si kuchepa kwa nyumba ayi. Bambo, dziwani kuphika phala ndi kumwetsa mwana mankhwala. Mayi, dziwani mmene ndalama za pakhomo zikuyendera. Tsiku lomwe mmodzi wa inu adzagonekedwe m'chipatala, ana asadzagone ndi njala.