Timing'alu ta pa Kamwendo

Amayi anzanga, amene munayendapo kuchokera ku Lilongwe, kudzera pa Namitete mpaka kumalire a Mwami, mukuudziŵa mseu wa M12. Ndiwo umanyamula mtedza wathu wa ku Mchinji ndi malole olemera ochokera ku Chipata.

Tsiku lina la Okutobala ndinatsika basi pa Kamwendo, ndipo ndinaona timing'alu m'phula, tating'ono ngati ta m'chidendene. Tisatipeputse. Mvula ikagwa madzi amaloŵa m'menemo nafeŵetsa dothi lapansi. Lole ikapondapo, dzenje labadwa. Mng'alu umatidwe ndi phula dzinja lisanafike, monga tifolera nyumba isanayambe kudontha.

Koma chinandiŵaŵa mtima ndi ngalande ya m'mbali, yodzaza makoko a nzimbe ndi zitsononkho. Tinatayamo ndife ogulitsa malonda. Nanga madziwo adzera kuti?